Ndalama Zothandizira Nchito za Mipingo: Kumene Zicokera ndi Mmene Zifikira Anthu

Zipatala, masukulu ndi nyumba zosungira ana amasiye zimene mipingo iyendetsa muno m'Zambia zidalira kwambiri ndalama za thandizo zocokera ku boma ndi ku mabungwe akunja. Kuyambira m'caka ca 2025 gawo lina la thandizoli lacepa, ndipo atsogoleri a mipingo akakamizika kuganiziranso za kumene ndalama za nchito zimenezi zidzacokera.

Ndalama zimenezi, zimene ambiri angozicha kuti galanti, zisiyana ndi ngongole cifukwa sizibwezedwa. Zisiyananso ndi copereka ca pa Sabata kapena pa Sondo. Copereka cilowa m'thumba la mpingo ndipo akulu ampingo ndiwo agamula nchito yake. Galanti ibwera ndi cipangano colembedwa conena nchito imene ndalamazo ziyenera kugwira, nthawi yake, ndi malipoti amene wolandira ayenera kupereka. Ndalama zoperekedwa kuti akumbire mjigo sizingagule malata a chalichi, ngakhale denga litadontha motani.

Gwero loyamba ndi boma. Zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete, imene inatsegulidwa mu 1948, Mwami ku Chipata, Nyanje ndi Minga ku Cigawo ca Kum'mawa, komanso Macha ndi Chikankata ku Cigawo ca Kum'mwera, ndi za mipingo. Koma malipiro a madokotala ndi anamwino ambiri ogwira nchito kumeneko acokera ku Unduna wa Zaumoyo. Ndi cimodzimodzi m'masukulu a mishoni othandizidwa ndi boma, kumene aphunzitsi alipidwa ndi Unduna wa Zamaphunziro pamene mpingo uyang'anira sukulu ndi mwambo wake.

Pa nkhani zaumoyo, mipingo ilankhula ndi boma kupyolera m'bungwe la Churches Health Association of Zambia, kapena kuti CHAZ, limene linakhazikitsidwa mu 1970. Bungweli libweretsa pamodzi zipatala za Akatolika ndi za mipingo ina, ndipo zambiri mwa izo ziri kumidzi kumene cipatala ca boma ciri kutali.

Gwero laciwiri ndi mabungwe aakulu a pa dziko lonse. Thumba la Global Fund, lolimbana ndi edzi, cifuwa ca TB ndi malungo, linayamba mu 2002. CHAZ inali pakati pa mabungwe oyamba m'dziko muno kulandira ndalama za thumbali mwacindunji, n'kumazigawira zipatala ndi timagulu ta mipingo tosamalira odwala m'makomo. Mu 2003 dziko la America linayambitsa pologalamu ya PEPFAR, imene inathandiza kwambiri pogula mankhwala otalikitsa moyo.

Gwero lacitatu ndi mabungwe a Akhristu a m'maiko ena. Pali Misereor ndi Brot für die Welt a ku Germany, CAFOD ndi Tearfund a ku Britain, Catholic Relief Services a ku America, ndiponso Norwegian Church Aid a ku Norway. Ambiri a mabungwewa sapereka ndalama kwa mpingo wa pamudzi mwacindunji. Adzera ku dayosizi, ku sinodi, kapena ku mabungwe monga Caritas Zambia, Council of Churches in Zambia ndi Evangelical Fellowship of Zambia, kumene kuli anthu odziwa kusunga mabuku a ndalama.

Mpingo kapena kagulu kofuna thandizo kayenera coyamba kukhala kolembetsedwa mwalamulo. Mipingo ilembetsedwa kwa Registrar of Societies. Opereka thandizo afuna kuona ciphaso cimeneci, malamulo oyendetsera gulu, komiti yodziwika, ndi akaunti ya ku banki ya dzina la gulu yosainidwa ndi anthu osacepera awiri. Ndalama zolowa m'akaunti ya abusa kapena pa foni ya msungicuma zivuta kuzilondola, ndipo mabungwe odalirika salola zimenezi.

Cotsatira ndi kalata yofotokoza nchito. M'kalatamo alemba vuto limene lilipo, ciwerengero ca anthu amene adzathandizidwa, zimene zidzacitidwa mwezi ndi mwezi, ndi mtengo wa cinthu ciliconse. Kawirikawiri afunsidwanso zimene anthu a m'deralo adzapereka okha, monga njerwa, mcenga kapena manja ogwira nchito. Pempho likavomerezedwa, ndalama zibwera m'zigawo. Cigawo caciwiri sicituluka mpaka malisiti ndi lipoti la cigawo coyamba zitalandiridwa.

Pali lamulo lina limene mipingo ina iiwala. Ndalama zocokera ku maboma ndi ku Global Fund ziyenera kuthandiza munthu aliyense mosayang'ana cipembedzo cake. Mai wobwera kudzacira pa cipatala ca mishoni safunsidwa khadi la ubatizo asanalandiridwe, ndipo cimanga ca nthawi ya njala sicigawidwa kwa a mpingo umodzi okha.

Kukhwima kwa malamulowa kuli ndi mbiri yake. Mu 2009 maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo ku Unduna wa Zaumoyo zitamveka kuti ndalama zinabedwa. Global Fund nayo inaimitsa ndalama zopita ku undunawo. Mu Meyi 2025 kazembe wa America m'dziko muno pa nthawiyo, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidzacotsa madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo la mankhwala kamba ka kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere. Pamene zotere zicitika, wovutika ndi wodwala amene wayenda mtunda wautali n'kupeza mankhwala mulibe.

Caka cimeneco ca 2025 cinabweretsanso vuto lina. Mu Januwale boma la a Donald Trump linaimitsa thandizo lopita kumaiko akunja kwa masiku 90, ndipo pofika mwezi wa Julayi bungwe la USAID linatsekedwa, nchito zake zotsala n'kupita ku unduna woona za maiko akunja wa dzikolo. Mapologalamu ena anapitirira, ena anatha. Izi zinacitika dziko lisanacire ku cilala cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza mu Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse.

Pa cifukwa ici maso ambiri atembenukira ku ndalama za m'dziko momwe muno. Thumba la citukuko ca madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Mbali ina ya thumbali iperekedwa ngati galanti ku makalabu a amai, a acinyamata ndi makopaletivu olembetsedwa, ndipo mapempho adzera ku komiti ya citukuko ya wadi ndi ku khonsolo. Amai a m'mipingo amene alembetsa kalabu yao ya ulimi kapena yosoka angapemphe monga nzika zina zonse.

Anthu acenjezedwanso za akathyali amene atumiza mauthenga pa foni ndi pa intaneti, kulonjeza mipingo ndalama zambiri zocokera kunja malinga ngati iyamba yatumiza ndalama ya fomu. Bungwe lenileni lopereka thandizo silipempha malipiro otere. Mpingo wolandira uthenga woterowo uyenera kufunsa ku likulu lake usanatumize ngakhale ngwee imodzi.

Galanti iliyonse ili ndi tsiku lothera, kawirikawiri pakapita caka cimodzi kufika zitatu. Ici ndi cifukwa cake opereka thandizo afunsa kuyambira pa ciyambi kuti ndani adzakonza mjigo ukaonongeka, ndipo ndani adzadyetsa ana ndalama zikatha. Mipingo imene ili ndi munda, cigayo kapena nyumba za lendi, ndipo iwerengera Akhristu ake lipoti la ndalama poyera, ndiyo ikhoza kupitiriza nchito thandizo likaima.