Kompyuta ikakana Blender ku Milange, yambani mwafunsa zaka zake

Wachinyamata wa pa tawuni ya Milange, m'tsinde mwa phiri la Tumbine, amene akufuna kuphunzira luso lopanga zithunzi zoyenda ngati makatuni safunika kukhala ndi ndalama zogulira pulogalamu. Pulogalamu ya Blender, yomwe anaiyambitsa ndi a Ton Roosendaal a ku Netherlands, yakhala yaulere kwa aliyense kuyambira chaka cha 2002. Filimu ya Flow ya ku Latvia, yomwe inapata mphotho ya Oscar mu 2025, inapangidwa ndi pulogalamu yomweyi.

Chovuta ndi chakuti pulogalamuyi ikhoza kukana kulowa m'kompyuta, kapena kulowa koma osatseguka, pamene mwiniwake watha kale mametikali kapena makwacha ake pogula intaneti. Kwa munthu woyembekeza kupeza ya ndiwo popangira masitolo zithunzi zotsatsa malonda, kutaya ndalama motero ndi nkhani yaikulu.

Gwero loyamba la vutoli ndi ukalamba wa kompyuta. Blender 2.80, yomwe inatuluka mu 2019, inali yomaliza kugwira pa makompyuta a 32-bit. Blender 2.93 ya mu 2021 inasiya kugwira pa Windows 7. Kuyambira pa Blender 4.0 ya mu 2023, kachipangizo koonetsa zithunzi kotchedwa graphics card kayenera kukhala kotha kuyendetsa OpenGL 4.3. Kompyuta yosakwanitsa zimenezi imangoonetsa uthenga wokana, mwinanso kutseka pulogalamu isanayambe n'komwe.

Izi sizitanthauza kuti kompyutayo yatha ntchito ayi. Eni ake a Blender amasungabe mitundu yakale ya pulogalamuyi pa intaneti, ndipo Blender 2.79 ya mu 2017 imayenda pa makompyuta ambiri okalamba. Komanso nthawi zina kachipangizo kaja kamakhala kabwinobwino, chosowa n'kungoika madiraiva atsopano ochokera ku Intel, AMD kapena Nvidia, malinga ndi kampani imene inakapanga.

Gwero lachiwiri ndi la kuno kumalire. Blender yatsopano ndi yolemera mamegabaiti pafupifupi 300. Foni ya munthu amene ali pafupi ndi chipata cha Muloza ikhoza kusiya Movitel kapena Vodacom n'kukagwira netiweki ya ku Malawi, ndipo intaneti ikaduka pakati, fayilo imafika yoperewera. Fayilo yotere imakana kutseguka ngakhale kompyuta ikhale yatsopano. Ndi bwino kuuza foni kuti isamadzisankhire yokha netiweki, ndi kuyerekeza kukula kwa fayilo yomwe yafika ndi kumene kwalembedwa pamalo potengera. Amene yamufika yathunthu agawireko anzake pa fulashi, pakuti malamulo a Blender amalola kutero. Ilipo ngakhale ya mtundu wa zip yomwe imayenda popanda kuilowetsa m'kompyuta.

Pulogalamu ikalowa, dandaulo lina limakhala lakuti zinthu zina sizikuoneka. Apa pali zifukwa zitatu. Choyamba, zina zinachotsedwa. Gawo lopangira masewero a pa kompyuta linachoka mu Blender 2.80, choncho wotsatira phunziro lakale adzalifuna mpaka dzuwa kulowa osalipeza. Chachiwiri, zina zilimo koma n'zozimitsa. Rigify, yomwe imathandiza kuika mafupa m'chidole kuti chiziyenda, imafuna kuyatsidwa pa Preferences. Kuyambira pa Blender 4.2 ya mu 2024, zowonjezera zambiri zotere zinasamutsidwira pa intaneti, ndipo munthu ayenera kuloleza pulogalamuyo kulumikiza kuti azitenge.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Mwana wa ku Milange amaphunzira m'Chipwitikizi pamene msuweni wake wa ku Mulanje amaphunzira m'Chingerezi. Awiriwa akhoza kukangana kuti batani lina palibe, chonsecho lilipo koma lalembedwa m'chiyankhulo china. Pa Preferences pomwepo pali posinthira chiyankhulo, ndipo chanzeru n'kuchifananiza ndi cha phunziro limene munthu akutsatira.

Ena akatopa amathamangira mapulogalamu ogula monga Maya, koma otengedwa mwakuba. Kawirikawiri mapulogalamu otere amabwera ndi mavairasi omwe angaononge ntchito yonse ya makasitomala yosungidwa m'kompyuta, ndipo akavuta palibe kokadandaula.

Akulu anati safunsa anadya phula. Musanagule intaneti, onani kaye mtundu wa Windows, dzina la graphics card, ndiponso nambala ya Blender imene mphunzitsi wanu akugwiritsa ntchito. Zitatuzi zikagwirizana, pamenepo ndiye potulutsa ndalama.