Maboma Athu: Mulanje, Kotsika Madzi

Munthu akatsika minibasi pa Chitakale, maso amathamangira kumwamba asanaone n'komwe pomwe akuponda. Phiri lili pompo, kuseri kwa minda ya tiyi, chithanthwe chotuwa chochita kutseka theka la thambo, ndipo ikakhala nyengo ya dzinja mumaona timizere toyera tikutsetsereka pathanthwepo ngati ulusi. Amenewo ndi madzi. Sabata ino paulendo wathu woyendera maboma tafika ku Mulanje, ndipo ndasankha kulowa m'bomali motsatira madziwo, chifukwa tiyi wa kuno, zinanazi, alendo, mikangano ngakhalenso maliro ena akuluakulu, zonsezi zimayambira pa madzi otsika m'phiri.

Mulanje ali kummwera chakummawa kwa dziko lino, ndipo amachita malire ndi Mozambique pa Muloza. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'bomali, ambiri mwa iwo Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao. Likulu la Mulhako wa Alhomwe lili pa Chonde, m'boma lomweli. Phalombe adali mbali ya Mulanje mpaka 1998, n'chifukwa chake phiri limodzi lero lili m'maboma awiri. Kuchokera ku Limbe mutha kudzera ku Thyolo kapena mumsewu wa Midima, womwe ndi wachidule.

Ulendo wa tsiku limodzi womwe anthu ambiri amaukonda, wopita ku Dziwe la Nkhalamba, umayambira pa Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale, mumsewu wopita ku Phalombe. Akabaza amakudziwa bwino. Mukafika, mumalipira pa ofesi ya zankhalango, ndipo panja pake mumapeza anyamata ndi abambo akudikira. Awa ndiwo magayidi, otsogolera alendo, pamodzi ndi onyamula katundu, ndipo ali ndi dongosolo lawo lotenga alendo mosinthanasinthana kuti aliyense apezeko kena. Pambali pawo pamakhala ogulitsa ndodo zoyendera ndi timabokosi tosema, ndipo mukanunkhiza kabokosiko mumamva fungo lomwe silifanana ndi la mtengo wina uliwonse. Tibwererako ku fungo limeneli.

Njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba si yovuta kwa munthu wa thanzi. Ndi ya ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kutengera miyendo yanu, koma thukuta lokha limatuluka. Mumayenda mtsinje wa Likhubula ukusokosera pansi, nthawi zina ukuoneka, nthawi zina utabisika ndi mitengo, uku nsonga ya Chambe itakuweramirani. Thanthwe la kumadzulo kwa Chambe ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo okwera matanthwe ndi zingwe amachokera kutali kudzalimbana nalo. Panjira simuyenda nokha. Mumapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi amuna osenza matabwa pamutu, opanda nsapato, akutsika mothamanga pomwe inu mukuchita kugwira miyala. Wotsogolera amawapatsa moni onse, ena powatchula alamu, ena amalume, chifukwa ndi anthu a m'midzi mwake momwemo.

Phokoso la mathithi limafika dziwelo lisanaoneke. Kenako mitengo imatseguka, ndipo madzi ali apo akugwa pathanthwe n'kuthira m'dziwe lakuya lozingidwa ndi miyala ikuluikulu yosalala. M'mphepete madzi ndi oyera mbee, mpaka timiyala ta pansi mumatiwerenga, koma chapakati amada bii. Kuzizira kwake n'kosasimbika. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ku Chitakale, munthu akangolowa amatulutsa mfuu yosakonzekera, mano n'kuyamba kugogoda. Ana asukulu, mabanja a ku Blantyre, azungu otsika ku Chambe atayenda masiku atatu, onse amafuula mofanana.

Apa ndi pomwe ntchito ya wotsogolera imaonekera, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ife Amalawi timailakwira ntchito imeneyi. Ambiri timaganiza kuti gayidi ndi wa azungu, ife njira tingoifunsa. Njira n'zoona simungasochere kwenikweni. Koma munthu uja amadziwa mwala woterera ndi woti mungapondepo, amadziwa mbali yomwe madzi amazungulira n'kukokera pansi, ndipo amakuletsani kuyandikira pomwe mathithi akugwera. Koposa zonse amawerenga mtsinje. Mvula itha kugwa pamwamba paphiri pomwe inu muli padzuwa, ndipo madzi a mvula imeneyo amatsika mofulumira chifukwa pathanthwe palibe dothi loti liwamwe. Madzi akayamba kusintha mtundu, tizinyalala tikayamba kuyandama, phokoso la mathithi likalemera, iye amadziwa kuti nthawi yotuluka yakwana, inu musanaone kanthu. Dziwe limeneli lamezapo anthu, ndipo ena mwa iwo adali achinyamata odzasangalala patchuthi. Gulu likasonkha ndalama za basi, za zakumwa ndi za nyama yootcha, koma n'kuona ngati ya wotsogolera ndi yowononga, mtima wanga umawawa, chifukwa ndalama imeneyo ndi yochepa kuposa zonsezo.

Alendo omwe adayendako ku Zambezi amafunsa ngati kuno kuli mabwato ampweya otsetserekera m'mafunde monga ku Livingstone. Likhubula si mtsinje wa bwato. Ndi wotsetsereka kwambiri, wodzadza ndi miyala, ndipo chomwe umapereka ndi maiwe, lina pamwamba pa linzake. Ofooka miyendo amasambira m'maiwe ang'onoang'ono a kumunsi, pafupi ndi nyumba zogona alendo, ndipo nawonso amabwerera atakhutira.

Dzina la dziweli silidangobwera. Akuluakulu a kuno amasimba kuti kale pamalopa pankaoneka nkhalamba za imvi zitakhala pamiyala, munthu akayandikira n'kuzimiririka, ndipo anthu ankabwera kudzathira nsembe popempha mvula ndi mtendere. Phiri lonse amalitenga ngati mudzi wa mizimu. Nsonga yake yayitali, ya mamita 3,002, yomwe ndi yayitali kuposa malo ena onse m'Malawi, amaitcha Sapitwa, ndipo dzinalo likudzimasulira lokha. Nkhani yomwe mwana aliyense wa ku Mulanje amaidziwa ndi ya chakudya: amati ukapeza nsima kapena nthochi zakupsa m'phirimo, idya wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osanyamula. Wina angatsutse, koma ine ndimaona kuti miyambo yotere idaphunzitsa anthu kulowa m'phiri modzichepetsa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adasiya womutsogolera n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chomwe adapereka ndi ulemu womwe Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa ngati malo opatulika. Ndi malo achitatu m'dziko muno, kutsatira paki ya m'nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006.

Mukakhala pamwala mukuuma, yang'anitsitsani madziwo, chifukwa ena mwa iwo mawa akhala ali mumpopi ku Blantyre. Bungwe la Blantyre Water Board lidaika mapaipi otunga madzi mu Likhubula ndi ngongole ya ku India. Madziwo amakayeretsedwa ku Nguludi, ndipo ntchitoyi, yomwe idayamba kupereka madzi mu 2019, idakonzedwa kuti izitulutsa malita 20 miliyoni patsiku. Isanayambe padali mkangano waukulu. Anthu a ku Mulanje ankafunsa kuti madzi angadutse bwanji pakhomo pawo kupita mumzinda pomwe amayi a m'midzi ina ya m'tsinde mwa phiri akadali kutunga pachitsime, ndipo ankafuna kuti mitengo iyambe yabzalidwa. Funso limenelo lidali lachilungamo, ndipo mpaka lero likadali lachilungamo. Wokhala ku Bangwe kapena ku Limbe akatsegula mpopi madzi n'kutuluka, ali ndi ngongole kwa anthu omwe amazimitsa moto wolusa m'phiri muno m'chilimwe, ngakhale sadawaonepo.

Tsopano fungo la kabokosi kaja. Ndi la mkungudza, mtengo womwe mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje mokha padziko lonse. Chiswe sichiudya ndipo suwola msanga, motero kuyambira nthawi ya atsamunda wakhala ukuchekedwa kuti ukhale mitanda ya madenga, zitseko ndi maboti a kunyanja. Mu 1984 Kamuzu Banda adaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko. Phirili lidali kale nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Komabe macheka sadaleke, ndipo pomwe akatswiri adayenda phiri lonse mu 2017 kuwerenga mikungudza ikuluikulu yamoyo, adapeza 7 yokha. Chiyambireni nthawiyo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi magulu a m'midzi ofesa mbande, abzala mitengo zikwi mazanamazana. Koma mkungudza umakula mwapang'onopang'ono, ndipo moto umodzi wa osaka nyama utha kupsereza ntchito ya zaka zisanu m'tsiku limodzi.

N'kosavuta kuloza chala mwamuna wosenza thabwa uja. Ine ndimazengereza. Mulanje ndi boma lothinana, ndipo nthaka yabwino yambiri ya m'tsinde mwa phiri ili pansi pa tiyi. Tiyiyu adayamba kulimidwa kuno mu 1891, Henry Brown atabzala mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre, ndipo adakula bwino chifukwa cha mvula yambiri ndi chiperoni, kamvula kowaza ka m'miyezi yozizira komwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Maesiteti amalemba ntchito anthu zikwizikwi, ndipo alimi ang'onoang'ono nawonso amagulitsa tsamba lawo kumafakitale. Koma banja lomwe lili ndi kamunda kosakwana ekala, ntchito yothyola tiyi ikatha, limayang'ana kuphiri. Wosenza thabwa amalandira zochepa zedi. Phindu lenileni limapita kwa yemwe ali ndi galimoto ndi msika mumzinda, ndipo ameneyo kawirikawiri samagwidwa.

Phiri likavulidwa, madzi omwewo amasanduka mdani. Kuno dzina la napolo salitchula mwachibwana. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri n'kukokolola midzi ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo m'chigawo chonse chakummwera, omwalira ndi osowa n'kuposa 1,000, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali pakati pa maboma omwe adalira kwambiri. Zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yofiira pomwe nthaka idagumuka. Mvula yoopsa ngati imeneyo ingagumule ngakhale malo a mitengo, koma malo ometedwa amagumuka msanga. Ndiye nkhani yokumba miyala ya bauxite ku Lichenya, pamwamba paphiri, ikamabwereranso, monga imachitira pakapita zaka zingapo, anthu a kuno akamakana sakukana chitukuko. Ruo, Thuchila, Lichenya, Likhubula ndi Muloza, mitsinje yonseyi imabadwira pamwamba pomwepo, ndipo iwo ndi amene amagona kumunsi kwake.

Mu Julayi chaka chilichonse Likhubula amadzadza ndi anthu odzaonera mpikisano wothamanga wa onyamula katundu, womwe udayamba m'zaka za m'ma 1990. Othamanga amakwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo otsogola amamaliza pasanathe maola atatu njira yomwe mlendo amaiyenda masiku awiri. Tsiku limenelo amaomberedwa m'manja. Masiku ena onse amakhala pansi pa mtengo kudikira galimoto yomwe mwina siibwera, makamaka m'dzinja alendo akachepa. Ambiri mwa iwo ali ndi achibale omwe amacheka matabwa, ndipo ena adachekapo okha asanayambe kutsogolera alendo. Mlendo aliyense wolemba gayidi amathandiza kuti munthu ameneyo asabwerere kumacheka, ndipo alendo omwe angabwere chaka chonse, Loweruka lililonse, ndi ife a m'dziko momwemuno.

Kudziwe kuja wotsogolera amayamba kukusonkhanitsani dzuwa likapendeka, chifukwa m'chigwamo mdima umafulumira. Amatolera mabotolo ndi mapepala omwe ena asiya m'ming'alu ya miyala n'kuika m'chikwama chake. Potsika miyendo imanjenjemera kuposa pokwera. Chambe amafiira kumbuyo kwanu, utsi wa m'midzi ukukwera kumunsi, ndipo mukafika pamsewu mumapeza amayi atayala zinanazi. Mayi amasenda chimodzi ndi mpeni pomwepo, n'kukupatsirani mutagwira kumutu kwake, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono, uku wakabaza akuliza injini kuti mufike pa Chitakale minibasi yomaliza ya ku Limbe isanadzadze.