Nazale ndi ntchito yochita kuiphunzira

Chaka choyamba chimene ndinayesa nazale kwathu ku Ulongwe, m'boma la Balaka, mbande zanga za msangu zinafa pafupifupi zonse nditaziwokera m'munda. Kuthirira ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, koma zodula mizu sindinkazidziwa. Muzu wa msangu umathamangira pansi. Ukaboola chubu n'kulowa m'nthaka, tsiku lonyamula mbande umaduka, ndipo mtengowo sugwira.

Anandiongola ndi alangizi a zankhalango. Anandionetsa kusakaniza dothi la pansi pa mitengo, mchenga ndi manyowa, kusuntha machubu sabata iliyonse, ndiponso kutema khungu la njere ndi chowengera zikhadabo kuti imere msanga. Iwowo anaphunzira ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, kumene amafuna satifiketi ya Fomu 4. Mwana wofuna kulembedwa ntchito m'boma kapena m'mabungwe njira yake ndi imeneyo, apo ayi ya LUANAR ku Bunda.

Koma inu alimi anzanga a ku Ntaja, Liwonde ndi Phalula amene mulibe pepala, phunzirani kumezanitsa mango. Ndalama zili pamenepo. Keshya aliyense amafesa, ndipo mabungwe ena amagawa ulere, koma mango omezanitsa wogula amachita kukulondolani pakhomo. Zofunika ndi mpeni wakuthwa, pulasitiki yomangira ndi dzanja losanjenjemera basi. Ine ndinaononga mbande zambirimbiri dzanja lisanazolowere.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, choncho machubu akhale atadzazidwa pofika Seputembala.