Kuchoka ku Mbizo kukatera ku Lumbadzi

Uthenga wa maliro a kumudzi ku Malawi ukafika pa WhatsApp ku Mbizo, funso loyamba limakhala lakuti: kodi tikapeza asanaike? Mbizo ndi dera lalikulu mumzinda wa Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Ena mwa anthu ake ndi ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anadzagwira ntchito kumgodi wa golide wa Globe and Phoenix ndi kufakitale ya zitsulo ya Zisco ku Redcliff. Ambiri mwa makolowo anabwera wapansi, milungu ndithu ali m'njira, ndipo ena anatchona.

Lero ulendowo umaoneka waufupi. Kuchokera pabwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe ku Harare kukafika pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 540 ndege ikalunjika. Kukatera ku Chileka mtunda wake sukwana n'komwe 500. Ndege ya mtundu wa Boeing 737 imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, choncho wina angaganize kuti mphindi 40 zakwana kukafika ku Lumbadzi. Ayi ndithu. Nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba kuwerengedwa ndege ikangosuntha pamene inaima: imayenda kaye pang'onopang'ono kukafika pamsewu wake, kudikira chilolezo, kukwera, kenako kuyamba kutsika ikadali kutali. Mphepo yam'mwamba nayo imatha kuikankha kapena kuibweza. Zonsezi zikaphatikizidwa, ulendo umapitirira ola limodzi. Chabwino n'chakuti wotchi siisintha, popeza maiko awiriwa amayendera nthawi imodzi.

Vuto n'lakuti ndege yolunjika sipezeka tsiku lililonse. Yodzera ku Lusaka imauluka makilomita pafupifupi 1,000, ndipo wodzera ku Johannesburg amazungulira oposa 2,400, kuwonjezapo maola odikira ndege yachiwiri.

Koma chimene chimadya nthawi kwenikweni ndi msewu. Ku Kwekwe sikutera ndege zonyamula anthu, choncho munthu amalawirira ndi chikwama chake kukakwera basi ya ku Harare, makilomita oposa 200 kudzera ku Kadoma, Chegutu ndi Norton, maola atatu zinthu zikayenda bwino. Pabwalo amafunika kufika kudakali maola awiri kapena atatu. Akatera ku Lumbadzi patsala makilomita 25 kuti alowe mu Lilongwe, ndiye ngati kwawo ndi ku Ntcheu kapena ku Mangochi, dzuwa limam'lowera ali mu minibasi.

N'chifukwa chake mabanja ambiri amangosankha basi: Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre, makilomita pafupifupi 600. Ndi tsiku lathunthu chifukwa cha mizere ya pazipata, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo thumba la ufa ndi mabulangete a pamaliro zimakwera nawo.

Chopweteka n'chakuti ena satha kukwera ndege kapena basi yomwe. Kwa zaka zambiri ana a Amalawi obadwira ku Zimbabwe ankalembedwa ngati alendo pa zitupa zawo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anawazindikira kuti ndi nzika, komabe amene makolo awo anamwalira osasiya zikalata amavutikabe kupeza kalata ya kubadwa, ndipo popanda kalatayo pasipoti situluka.