Wapaulendo pa Liwonde: Idyani Bwino, Mukafike ndi Moyo

Munthu wochokera ku Balaka kupita ku Zomba sangalephere kuima pa Liwonde. Pano msewu umaoloka mtsinje wa Shire pafupi ndi Kamuzu Barrage, yomwe idamangidwa mu 1965, ndipo njanji yopita ku Nayuchi, yotsegulidwa mu 1970, imadutsanso pomwepa. Tsono apaulendo ndi ambiri, ndipo onse amafika ndi njala.

Chakudya m'dera lino sichisowa. Ku nyanja ya Chilwa kumachokera matemba, milamba ndi makumba. M'madambo amalima mpunga. Ku Balaka kuli nandolo ndi malambe. Nsomba ndi nandolo zimakulitsa thupi, pamene malambe othira m'phala amathandiza kuteteza ana ku matenda. Nyengo ya zinamwali za Chiyao, ng'oma za manganje zikamveka, mabanja amaphika mpunga wochuluka, ndipo mlendo saloledwa kuchoka asanalawe.

Koma pamene pasonkhana anthu ambiri, matenda nawonso amapeza njira. Kolera yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno idayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022. Kachirombo kake kamakhala m'chimbudzi cha wodwala, ndipo kamalowa m'thupi kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja osasamba. Wodwala amatsegula m'mimba kwambiri, madzi ndi kutha m'thupi, kotero angathe kumwalira tsiku lomwelo.

Mwambo wathu wopatsa mlendo madzi osamba m'manja ngwabwino, koma beseni limodzi likazungulira anthu khumi, wotsiriza amasamba litsiro la anzake. Ulemu weniweni ndi kumuthirira madzi ndi kapu, iye akusamba ndi sopo.

Pamsika, gulani chakudya chimene chikuphikidwa inu mukuona, ndipo muchidye chikadali chamoto. Nsima kapena nsomba yozizira, yosavundikira, yomwe ntchentche zateramo, isiyeni ngakhale itsike mtengo. Mango ndi zipatso zina zitsukeni ndi madzi abwino. Madzi akumwa nyamulani kunyumba, owiritsa kapena othira kolorini. A mumtsinje musamwe, ngakhale aoneke oyera.

Wina akayamba kutsegula m'mimba pa ulendo, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pafupipafupi, ndipo fulumirani naye kuchipatala. Chipatala cha boma la Machinga chili pa Liwonde pomwepo. Musadikire kuti kuche.