Kukadya Khrisimasi komwe dzuwa silituluka

Atonga a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay sadayambe lero kumanga katundu wa ulendo. Agogo awo ankayenda pansi mpaka ku Halale ndi kumigodi ya ku Joni, ndipo Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi mwa Chifira kufupi ndi Bandawe, adakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, nafika mpaka ku Geneva ndi London mu 1927.

Koma maulendo onsewo adali a ntchito. Ulendo womwe ukhoza kugwera kholo la ku Limphasa kapena Chintheche masiku ano ndi wamtundu wina: mwana yemwe ali pasukulu kapena pantchito kumpoto kwenikweni kwa Ulaya kuimba foni n'kunena kuti amayi abwere adzapumeko, adzadye Khrisimasi ndi zidzukulu, adzaonenso chipale chofewa ndi maso awo.

Maiko a kumpotoko si achilendo kwa anthu a kunyanja. Dr Robert Laws, yemwe adasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881, adali wa ku Aberdeen, kumpoto kwa Scotland. Dziko la Iceland lidayamba kuthandiza Malawi mu 1989, makamaka pa za usodzi, ndipo akatswiri ena a za nsomba a m'dziko muno adakaphunzira komweko. Norway nayo yakhala ikuthandiza sukulu ya zaulimi ya Bunda kwa zaka zambiri. Njira zoterezi ndi zomwe zidatengera ana a Amalawi kumeneko, ena n'kukwatira kapena kukwatiwa komweko.

Kuvomera kuitanako n'kosavuta. Chovuta n'chakuti mwezi wa Disembala ku Tromsø kapena ku Rovaniemi sufanana ndi chilichonse chomwe munthu wa ku Limphasa adachionapo.

Mdima wa masana

Anthu ambiri amaopa kuzizira, koma chomwe chimayamba kusokoneza mlendo ndi mdima. Ku Chintheche dzuwa limatuluka ndi kulowa pafupifupi nthawi yofanana chaka chonse, ndipo tambala sanama. Mumzinda wa Tromsø ku Norway, womwe uli makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, dzuwa silioneka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka chapakati pa Januwale. Chomwe chimakhalapo ndi kachisisira ka maola ochepa masana, ngati m'bandakucha womwe walephera kucha. Kaamba ka mapiri, anthu a mumzindawo amaliona dzuwa pa 21 Januwale, ndipo tsikulo amalikondwerera ndi mabanzi otsekemera.

Ku Rovaniemi, likulu la chigawo cha Lapland ku Finland, dzuwa limasuzumira maola awiri okha ndi mphindi zochepa nthawi ya Khrisimasi. Chodabwitsa n'chakuti m'miyezi imeneyi wotchi ya ku Finland imafanana ndendende ndi ya ku Malawi. Ikamakwana 3 koloko masana, mlimi wa ku Limphasa ali thukuta kamukamu m'munda wa mpunga, mnzake ku Rovaniemi wayatsa kale magetsi.

Gogo yemwe adazolowera kudzuka ndi dzuwa ndi kugona ndi nkhuku amavutika tulo m'masiku oyamba. Thupi limafuna kugona masana n'kudzuka pakati pa usiku. Eni dziko amathana nazo potuluka panja pa maola akachisisira aja ndi kutsatira wotchi pa kudya ndi kugona.

Kuzizira kwa mufiriji

Munthu wa ku Nkhata Bay akati kwazizira amanena za mwera wa mu Juni ndi Julaye, kapena chisanu cha ku Chelinda pa Nyika chomwe chimayeretsa udzu m'mamawa. Uko ndi kuzizira kwa juzi imodzi ndi moto wa m'khitchini.

Firiji yosungira nsomba imazizira madigiri 18 kunsi kwa ziro. Ku Rovaniemi mu Januwale kumakhala madigiri opitirira 10 kunsi kwa ziro masiku ambiri, ndipo nthawi zina kumatsika mpaka 30. Mu Januwale 1999 mudzi wa Pokka, m'dera la Kittilä, udafika madigiri 51.5 kunsi kwa ziro, kuzizira komwe dziko la Finland silidakuonenso. Tromsø, ngakhale ili kumpoto kuposa Rovaniemi, siizizira choncho chifukwa madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amadutsa m'gombe lake. Kumeneko vuto ndi mphepo yachinyezi ndi misewu yoterera.

Apa ndi pomwe Mtonga, wodziwika dziko lonse ndi kutchena, ayenera kudzichepetsa. Suti, tayi ndi nsapato zonyezimira za pa Sabata ku Bandawe sizithandiza kanthu. Nsapato zosalala kunsi zimagwetsa munthu pa madzi oundana, ndipo kwa munthu wachikulire kugwa kotere ndi kuthyoka chiuno.

Eni dziko amavala mosanjikiza. Pakhungu pamafika chovala chothina cha ubweya wa nkhosa, chamikono yaitali komanso chofika kumapazi. Pamwamba pake juzi yokhuthala, kenako jekete ndi buluku zosalowa mphepo kapena madzi. Chinsinsi chake ndi mpweya womwe umatsekeredwa pakati pa zovalazo. Nsalu ya thonje, monga malaya wamba, jinzi ndi chitenje, imamwa thukuta n'kukhala yonyowa, ndipo ikanyowa imaziziritsa thupi m'malo molifunditsa. Mayi yemwe sangayende wopanda chitenje achimange pamwamba pa zonsezo, palibe yemwe angamuletse.

Chipewa chophimba makutu, magolovesi okhuthala ndi masokosi a ubweya n'zofunika kuposa jekete lokongola, chifukwa chisanu chimayamba kuluma zala, mphuno ndi makutu. Nsapato zikhale zokulirapo kuti masokosi awiri alowe osapanikiza phazi, pakuti phazi lothinidwa limazizira msanga.

Mwayi ulipo pakaunjika. Mabelo ena omwe amatsegulidwa m'misika ya ku Mzuzu amachokera kumaiko ozizira, ndipo majekete a nthenga ndi majuzi a ubweya amatha kukhala pa mulu osagulidwa m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Kugula pamenepo kuli bwino kusiyana ndi kukagula ku Oslo kapena Helsinki, komwe mtengo wa jekete limodzi ungadyetse banja kwa miyezi. Nsapato zokha ndi bwino woitanayo akakonze komweko. Chachikulu n'chakuti jekete, chipewa ndi magolovesi zikhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa sutikesi ikatsalira ku Addis Ababa munthu sangatuluke pabwalo la ndege ndi malaya okha.

M'nyumba namo muli msampha wake. Nyumba, mabasi ndi masitolo zimatenthetsedwa, kotero wovala zonse n'kukhala nazo m'kati amatuluka thukuta, ndipo akabwerera panja thukutalo limasanduka mdani.

Mapepala ndi ndalama

Norway, Sweden, Finland ndi Iceland onse ali m'gulu la maiko a Schengen, choncho viza imodzi imakwanira. Munthu amapempha kudziko lomwe akakhaleko masiku ambiri. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wa viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90, omwe pa mtengo wa kubanki wa mu 2025 adali ndalama zoposa K160,000. Akakukana ndalamazo sizibwerera.

Amafunanso inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, pasipoti yomwe ikhalebe ndi moyo miyezi itatu pambuyo pa tsiku lobwerera, kalata ya woitanayo ndi umboni woti mlendo adzabwereradi kwawo. Kwa mlimi yemwe alibe kalata ya abwana, umboniwo ndi munda, nyumba, banja ndi buku la kubanki. Zala amadinda pamaso, kotero palibe kutuma mwana. Malamulo amalola kupereka mafomu kutatsala miyezi 6 kuti ulendo uchitike, ndipo wofuna Khrisimasi achite zimenezi mu Ogasiti kapena Seputembala. Omwe adasowa mapasipoti mu Febuluwale 2024, pomwe makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko adasokonezeka, akudziwa kuopsa kodikira mphindi yomaliza.

Viza yotere imalola masiku osapitirira 90 m'masiku 180 alionse. Kupitiriza ngakhale ndi sabata imodzi kumaipitsa dzina la mlendo komanso la mwana yemwe adamuitana, ndipo kuyambira mu Okutobala 2025 zipata za maikowa zidayamba kulemba kulowa ndi kutuluka kwa alendo pakompyuta.

Nkhani ya ndalama ndiyo imagwetsa mphwayi. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya matikiti a ndege imatsatira dola. Finland imagwiritsa ntchito yuro, pomwe Norway ndi Sweden ali ndi ndalama zawozawo. Kumeneko ngakhale kapu ya tiyi amalipira ndi khadi. Kunena mosabisa, banja lodalira mpunga ndi chinangwa silingaupirire ulendowu palokha, ndipo n'kulakwa kugulitsa munda kapena bwato chifukwa cha tchuthi. Woitana ndiye asenze tikiti ndi inshulansi, ndipo zimenezi zikambidwe poyera mafomu asanalembedwe.

Ulendo weniweniwo ndi wa masiku awiri kapena atatu: basi kuchoka ku Chintheche kudzera mumsewu wa M5 kapena ku Mzuzu, ndege pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe, kusintha ku Addis Ababa kapena Nairobi, kenako Stockholm, Oslo kapena Helsinki. Kuchoka ku Oslo kupita ku Tromsø ndi ndege ina ya maola pafupifupi awiri, pakuti njanji siifika kumeneko. Ku Rovaniemi kumapita sitima yapamtunda yoyenda usiku wonse kuchokera ku Helsinki. Nyengo ya mvula msewu wa m'mbali mwa nyanja sudalirika, monga zidaonekera pomwe madzi adasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, choncho ndi bwino kukagona ku Lilongwe kutatsala masiku awiri.

Disembala kapena Febuluwale?

Aliyense amafuna Khrisimasi, komatu imeneyo ndi nthawi yomwe zinthu zimadula kwambiri. Ku Rovaniemi kuli mudzi wa Father Christmas womwe udamangidwa pa mzere wa Arctic Circle, ndipo alendo ochokera dziko lonse amadzaza mahotela ndi ndege. Ndi nthawinso ya mdima wandiweyani.

Kwa munthu wa ku Limphasa pali china. Disembala ndi Januwale ndi miyezi yofesa nazale ndi kuwokera mpunga, ntchito yosadikira munthu. Wochoka nthawi imeneyi asiye ndalama za aganyu ndi munthu wodalirika woyang'anira madzi m'munda, apo ayi tchuthi cha mwezi umodzi chidzadya zokolola za chaka chonse. Adzaphonyanso chilimika, gule wa chaka chatsopano yemwe Mtonga weniweni salola kumumvera pafoni.

Kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi zinthu zimakhala bwinoko. Mpunga umakhala utawokeredwa, dzuwa limakhala litabwerera kumpotoko, chipale chofewa chimakhala chochuluka kuposa mu Disembala, ndipo usiku umakhalabe wakuda mokwanira kuonetsa kuwala kwa kumwamba kotchedwa aurora borealis.

Kuwalaku ndi komwe kumakopa alendo ambiri. Kumachitika tinthu tochokera kudzuwa tikawombana ndi mpweya wa kumwamba kwambiri, ndipo thambo limavina ndi mizere yobiriwira, nthawi zina yofiirira. Kumaoneka kuyambira Seputembala mpaka Malichi, koma palibe yemwe angalonjeze tsiku. Kukachita mitambo, ndalama zolipira galimoto yokasaka kuwalako zapita.

Msodzi wa usipa akhoza kusangalala kwambiri ndi zilumba za Lofoten ku Norway. Kuyambira Januwale mpaka Epulo nsomba zikuluzikulu za mtundu wa cod zimabwera kudzaswana kumeneko, ndipo asodzi amazipachika pa mitengo kuti ziume ndi mphepo yozizira, popanda mchere kapena utsi. Zambiri zimagulitsidwa ku Italy, mitu yake n'kupita ku Nigeria. Kumtunda kuli anthu a mtundu wa Sami omwe amaweta nyama zanyanga zotchedwa reindeer monga Angoni a ku Mzimba amawetera ng'ombe, ndipo tsiku la mtundu wawo ndi 6 Febuluwale.

Malungo ndi phukusi la kumudzi

Nkhata Bay ndi boma la udzudzu, makamaka kumadambo a mpunga. Munthu akhoza kunyamuka ali bwinobwino, malungo n'kudzamugwira patatha sabata ziwiri ali ku Lapland, komwe dokotala angaganize kuti ndi chimfine cha chisanu. Kuyezetsa magazi asananyamuke n'kofunika, ndipo thupi likatentha kumeneko mawu oyamba kwa dokotala akhale oti wodwalayo wachokera kudera la malungo. A matenda a BP ndi shuga atenge mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata ya kuchipatala, podziwa kuti kuzizira kumakweza BP. Chala kapena khutu likachita dzanzi n'kutuwa, asalitikite kapena kuliwotha pamoto. Alifunditse pang'onopang'ono ndi madzi ofunda.

Kholo la Chimalawi silipita kwa mwana chimanjamanja, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalira pachipata. Nyama ndi mkaka, ngakhale zouma, n'zoletsedwa kulowa nazo kuchokera ku Africa. Malamulo a European Union, omwe Finland ndi Sweden amatsatira, amalola nsomba zouma kapena zowamba zosapitirira makilogalamu 20 pa munthu, choncho usipa ndi batala wowamba zili ndi mwayi, bola zikulungidwe bwino kuti fungo lisalowe m'zovala. Wopita ku Norway afunse woitanayo kuti atsimikize malamulo a kumeneko. Zipatso ndi masamba aawisi zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo mango a ku Chintheche, omwe amapsa nthawi yomweyo ya Khrisimasi, amathera m'bini pabwalo la ndege. Mwa zipatso zochepa zomwe zimaloledwa popanda chikalatacho muli nthochi ndi chinanazi.