KALALIKI AONE MIPATA YACE YOKHA PA WEBUSAITI

Sitolo iri yonse iri ndi mbali ziwiri: kumaso kumene ogula amafikira, ndi cipinda ca kumbuyo kumene kumakhala katundu ndi mabuku a ndalama. Mwini sitolo wanzeru sapereka makiyi a cipinda cimeneci kwa wanchito amene watumidwa kukangosintha mtengo wa sopo. Webusaiti nayonso inamangidwa cimodzi-modzi, ndipo eni ace ayenera kusamala za amene alowa kumbuyo kwace.

Mawebusaiti oposa 40 pa 100 ali onse pa dziko lapansi amayendetsedwa ndi pulogalamu yochedwa WordPress, imene inayambitsidwa m'caka ca 2003 ndi Bambo Matt Mullenweg a ku America pamodzi ndi Bambo Mike Little a ku Britain. M'pulogalamu imeneyi tsamba liri lonse limakhala ndi malo a mutu ndi malo a nkhani. Koma mabungwe ambiri amafuna kusunga zinthu zinanso, monga mitengo, masiku ndi manambala a foni. Zoterezi zimalembedwa m'mipata yoonjezera imene akatswiri amaicha custom fields.

Cida codziwika kwambiri copangira mipata imeneyi ndi Advanced Custom Fields, cimene cinatulutsidwa m'caka ca 2011 ndi Bambo Elliot Condon a ku Australia. Kampani ya Delicious Brains inagula cidaci mu 2021, ndipo mu 2022 cinapita m'manja mwa kampani ya WP Engine.

Tiyerekeze bungwe la alimi limene liri ndi tsamba la depoti iri yonse. Pa tsambalo pali dzina la depoti, masiku otsegulira, ciwerengero ca matumba a feteleza otsala, mtengo wa thumba, ndi nambala ya ku banki kumene alimi amalipirako. Nchito ya kalaliki wa pa depoti ndi kukonza masiku ndi ciwerengero ca matumba basi. Akapatsidwa cilolezo colowera kumbuyo, adzaona mipata yonse, ndipo cala cikangophonya pa mtengo kapena pa nambala ya ku banki, ndalama za alimi zingapite kumene sizinayenera kupita.

Njira yopewera vutoli ndiyo kuika fomu kumaso kwa webusaiti, yoonetsa mipata yosankhidwa yokha. Cidaci ciri ndi lamulo lochedwa acf_form limene limatulutsa fomu yotere. Mpata uli wonse uli ndi cizindikiro cace-cace coyamba ndi mau akuti field. Wokonza webusaiti amalemba zizindikiro za mipata imene afuna, mwacitsanzo ziwiri zokha, pa mndandanda wochedwa fields. Ngati afuna gulu lonse la mipata, amachula gululo pa mndandanda wa field_groups. Mutu ndi nkhani ya tsambalo sizioneka pa fomu pokha-pokha iye atalamula tero. Kalaliki akasunga zimene walemba, mipata imene sinaonetsedwe imakhala monga inaliri.

Pali zinthu zitatu zimene okonza mawebusaiti ayenera kukumbukira. Coyamba, lamulo lina lochedwa acf_form_head liyenera kuikidwa pamwamba peni-peni pa tsamba, cina ciri conse cisanatuluke, pakuti ndilo limalandira ndi kusunga zolembedwazo. Likaiwalika, fomu imaoneka koma sisunga kanthu.

Caciwiri, kuphimba mpata kuti usaoneke ndi maso sikufanana ndi kuucotsa pa fomu. Mpata wongophimbidwa umakhalapobe mkati mwa tsamba, ndipo munthu wodziwa za kompyuta angauvundukule ndi kuusintha. Mpata wosafunika usalembedwe konse pa mndandanda.

Cacitatu, ndipo cacikulu koposa, fomu payokha sifunsa kuti wolembayo ndani. Ikaikidwa pa tsamba popanda citetezo, mlendo ali yense wofika pamenepo angasinthe zolembedwa. Motero wokonza ayenera kugwiritsa nchito lamulo la WordPress lochedwa current_user_can, limene limayamba latsimikiza kuti munthuyo walowa ndi dzina lace ndi mau ace acinsinsi, ndiponso kuti ali ndi cilolezo cosintha tsamba limenelo. Ngati fomuyo ndi yolembera tsamba latsopano, nkotheka kulamula kuti zolembedwazo ziyambe zadikira mkulu wa bungwe aziwerenge zisanaonekere poyera.

Atsogoleri a mabungwe, masukulu ndi mipingo safunika kudziwa malamulo onsewa pamtima. Udindo wao ndi kukhala pansi ndi wokonza webusaiti, kulemba pa pepala mipata yonse, ndi kugwirizana za wanchito amene ayenera kusintha mpata uli wonse. Fomu ikatha, ailowe ndi dzina la kalaliki, kenaka aiyese osalowa ndi dzina liri lonse, kuti adzionere okha kuti mtengo wa thumba ndi nambala ya ku banki ziri potsekedwa.